Zitsa za a Kayuni

Bambo Petros Kayuni anaika thunthu la mtengo wa khofi pa tebulo la ahedi, pamwamba penipeni pa mapepala, kenako anakhala pampando asanauzidwe. Thunthulo linali lonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, lodzaza ndere, ndipo linali lisanaume.

"Monire, a Kayuni," anatero a Silungwe, mphunzitsi wamkulu wa sekondale yoyenderayo, akusuntha kapu yawo ya tiyi.

"Yewo. Sono ndikufuna Madamu wa makhadi."

Anakamuitana ku Fomu 2. Alinafe Chikaonda analowa mu ofesi akupukuta choko m'manja, napereka moni wa Chitumbuka umene anauphunzira m'zaka zitatu zimene anakhala ku Misuku chichokereni kwawo ku Dedza. Bamboyo anayankha moniwo bwinobwino, pakuti mkwiyo ndi wina, ulemu ndi wina. Atatero analoza thunthu lija.

"Ndinu amene mumaphunzitsa ana kuganiza?"

"Ndimaphunzitsa Maluso a Moyo, bambo."

"Basi ndinu nomwe. Uwu ndi umodzi. Inayo ili kumunda, mizere isanu ndi umodzi, yonse yagona pansi. Ine ndinapita ku maliro a mlamu wanga ku Chisenga. Masiku anayi okha. Pobwera ndapeza munda wameta mpala, ngati maliro aja anali ake."

"Wadula ndani?" anafunsa Alinafe, ngakhale mtima unali utamuuza kale.

"Mwana wanu. Wanga ndinkamudziwa, sakanalowa ndi sowo m'munda mwanga. Uyu Towera wa masiku ano ndi wanu. Sono ndabwera kudzanena kuti mufufute dzina lake. Sabweranso."

A Silungwe anayesa kuzimitsa moto. Anakumbutsa a Kayuni kuti Towera ali Fomu 4, kuti Lachisanu lomwelo kukubwera wojambula kuchokera ku Boma kudzajambula zithunzi za ziphaso za mayeso, ndipo kuti mwana wopanda chithunzi dzina lake silipita. Akaphonya Lachisanu, ndiye kuti chaka chonse chapita m'madzi.

"Khofi wanga wataya zaka ziwiri," anatero a Kayuni akuimirira. "Iye akataya chimodzi, wapindula."

"Mtengo wanu mwaiwala, bambo."

"Sindinaiwale yayi. Ndakusiyirani. Muuphunzitse nawonso kuganiza, mwina uphuka."

Anatuluka, natseka chitseko mwaulemu. A Silungwe anayang'ana thunthulo, anayang'ana Alinafe, kenako anamwa tiyi wawo amene anali atazizira.

"Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Koma kanu, Madamu, kameta ndi khofi yemwe."

Makhadi amene ankanenedwawo anabwera ndi bungwe lina la ku Lilongwe kumayambiriro kwa teremu. Bungwelo linkafuna kudziwa ngati ana ophunzitsidwa kuika zolinga ndi kuganiza mofatsa amadzakhala ndi moyo wabwino kuposa anzawo, ndiye linasankha sukulu zingapo m'boma la Chitipa kuti liyeserepo. Khadi lililonse linali ndi mabokosi anayi: cholinga changa, umboni umene ndili nawo, zondipinga, ndi chimene ndichite mwezi uno. Aphunzitsi ena analandira makhadiwo monga momwe amalandirira zonse zobwera pa galimoto yoyera. Anasaina, anadya mpunga wa pamsonkhano, katoni n'kuikankhira pansi pa tebulo. Alinafe yekha ndiye anawakhulupirira. Iye anakula osafunsidwapo ndi munthu chimene ankafuna kudzakhala, ndipo uphunzitsi anaukwera monga momwe munthu amakwerera basi imene yayamba kufika. Choncho akamauza ana kuti asiye kunena kuti "zidzaoneka" koma alembe, ankanena kuchokera pansi pa mtima.

Ana ambiri analemba zimene ankaganiza kuti Madamu akufuna kumva. Theka la kalasi linafuna udokotala, ngakhale amene ankathawa akaona magazi a nkhuku. Towera Kayuni sanali wotero. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamfupi, wamapewa a munthu wozolowera kukwera phiri ndi katundu, ndipo ankakhala pa desiki yakutsogolo. Akamva chinthu m'kalasi ankachitenga ngati khasu, osati ngati nyimbo. Mphunzitsi aliyense amalakalaka mwana mmodzi wotere, ndipo ndi ochepa amene amaganizapo za tsiku limene mwanayo adzachitedi zimene wauzidwa.

Tsiku lonse la Lachiwiri limene a Kayuni anabweralo Alinafe anali ndi mantha. Koma kunena zoona, pansi pa manthawo panalinso kakunyada. Mwana wake anali atachita kanthu.

Lachitatu ataweruka, iye ndi a Silungwe anayamba kukwera. Kwa a Kayuni kunali kumtunda, m'munsi mwa nkhalango ya Mughese, ulendo wa ola limodzi ndi theka kwa mwini dera, maola awiri kwa munthu wa ku Dedza wovala nsapato za kuntchito. Njira inkadutsa m'minda ya nthochi ndi ya khofi yotsetsereka, moti munthu akagwetsa chipewa amakachitola kwa mnansi. A Silungwe ankapuma pa ngodya iliyonse n'kumanamizira kuti akudikira Madamu.

Mundawo anauona asanaone nyumba. Pakati pa minda yobiriwira panali chigamba choyera, ndipo m'chigambamo munali zitsa zofika m'bondo, zondandalika bwinobwino ngati ana pa asembule. Nthambi zinali zitaunjikidwa kumapeto kwa mzere uliwonse, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Ngakhale wokwiya akanavomera kuti wodulayo sanali waulesi.

Mayi ake a Towera anatulutsa mipando pansi pa mtengo wa mapeyala. Towera anabwera, anagwada, napereka moni. Maso ake anali otupa, koma ataona Alinafe nkhope yake inawala ngati ya munthu amene mboni yake yafika pabwalo. A Kayuni anakhala chapatali pang'ono, akunola sowo ndi tupa, dzino limodzilimodzi.

"Tafotokoza, Towera," anatero a Silungwe. "Chinakulowa n'chiyani?"

"Palibe chinandilowa, Sala. Sindinachite mopupuluma." Anatembenukira kwa Alinafe. "Madamu, cholinga changa ndi kukaphunzira zaulimi ku koleji. Zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi m'pamene ndidzafune kuti munda uno undithandize. Koma mitengoyi ndi ya agogo. Yakalamba. Chaka chino mtengo wathunthu umabala khofi wosadzaza ndi chipewa chomwe. Alangizi ananena pa tsiku la alimi kuti mtengo wokalamba ukaudula m'bondo umaphukanso, ndipo pakatha zaka ziwiri umabala ngati watsopano. Sindinangomva, ndinapita kukaona ndi maso kwa a Msukwa kuseri uko, amene anadula zaka zitatu zapitazo. Nthambi zikuchita kuwerama. Ndinawauza adada katatu. Katatu konse anati chaka chamawa."

"Nanga bwanji sunadikire chaka chamawacho?" anafunsa Alinafe.

"Munati 'chaka chamawa' si tsiku la pa kalendala, Madamu."

Anali mawu ake ndithu. Alinafe anawakumbuka, anakumbukanso kuti tsiku limene anawanena kalasi inaseka ndipo iye anakondwa nawo. Kuwamva pano, pakati pa zitsa, kunali ngati kukumana ndi chitenje chako chitavalidwa ndi munthu wina pamaliro.

"Wamaliza loya wanu?" anafunsa a Kayuni, akuika tupa pansi. "Sono bwerani kuno, ndikuphunzitseniko nanenso. Sukulu yanga ilibe mabenchi."

Anawatsogolera m'mundamo, nagwada pa chitsa choyamba. Anakanda ndere ndi chikhadabo chapansi penipeni, pamene thunthu linatupa ngati bondo. Panali chipsera chakale, chozungulira, chimene khungwa linachikwirira.

"Mukuona apa? Mitengo iyi inadulidwapo kale. Tinadula ine ndi adada anga, uyu asanabadwe, alangizi akewo akadali kusukulu. Kudula khofi sindikuphunzira lero yayi. Koma kuli ndi kadulidwe kake. Umadula mopendeketsa, kuti mvula izitsetsereka. Umasiya nthambi imodzi, kuti mtengo uzipumirapo pamene ukuphuka. Ndipo umadula mzere umodzi, inayo umasiya, kuti pakhomo pasasowe khofi. Taonani uyu. Wadula fulati ngati tebulo. Mvula ikagwa madzi adzakhazikika pamwamba apa, chitsa n'kuola. Zonsezi ziyenera kudulidwanso mvula isanabwere, ndipo zina zifa ndithu."

Anaimirira, naloza kumunsi kwa nyumba, kumene kunali timitengo tating'ono tobiriwira m'mizere itatu.

"Iyo ndinabzala zaka ziwiri zapitazo. Iyamba kubala chaka chamawa. Ikayamba, ndiye ndimati ndiyambe kudula yakumtunda kuno, mzere umodzi pachaka. Chaka chamawa changa chinali ndi tsiku lake, Madamu. Kungoti sichinalembedwe pa khadi."

Towera anayang'ana timitengo tija ngati akutiona koyamba, chikhalirecho ndi iye amene ankatithirira m'chilimwe.

"Safunsa anadya phula," anatero a Silungwe mopepuka.

"Koma bambo," anatero Alinafe, "zimenezi munamuuza?"

"Anandifunsa? Anandiuza. Katatu. Kuuza ndi kufunsa n'zosiyana. Mwana akabwera ndi mawu a alangizi m'kamwa, kudzandiuza za mitengo imene ndinakulira pansi pake, ndiyankhe chiyani? Ndinati chaka chamawa."

Alinafe anaona kuti apa kulakwa kunali mbali zonse ziwiri, ndipo anaganiza kuti mpata wapezeka. Anayankhula bwino, monga amayankhulira m'kalasi. Anati madzi akatayika sawoleka, koma mwana asatayikire limodzi ndi madziwo. Anati Towera akhoza kumathandiza kudulanso zitsazo akaweruka ndi Loweruka, ndipo anzake a Fomu 4 akhoza kubwera tsiku limodzi ndi masowo. Chimene ankapempha chinali chimodzi chokha, kuti Lachisanu mwanayo akaime patsogolo pa wojambula.

A Kayuni anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Zitsa ndidula ndekha," anatero. "Manja ndili nawo. Si zitsa zimene zamuchotsa pasukulu."

Anapisa m'thumba la malaya natulutsa khadi lopindidwa pakati. Alinafe analizindikira nthawi yomweyo, lachikasu, chizindikiro cha bungwe chili pakona. Bamboyo analitambasula pa bondo, naika chala pa bokosi lachitatu.

"Ine ndinalekera Sitandade 5. Koma ndikadziona papepala ndimadzidziwa. Werengani apa, ahedi, mokweza, mwina maso anga akunama."

A Silungwe anavala magalasi. Anawerenga chamumtima kaye, ndipo zinaoneka kuti akanakonda akanawaiwala kunyumba magalasiwo.

"Zondipinga," anawerenga. "Adada."

"Pitirizani."

"Chimene ndichite mwezi uno. Kudula mizere yonse yakumtunda adada akachokapo."

"Pansi pakepo."

Pansi pakepo sipanafunike magalasi. Panali chongi chachikulu chofiira, ndi mawu olembedwa mothamanga: Zabwino kwambiri! Pitiriza. Kenako siginecha ya Alinafe.

Mayi ake a Towera, amene anali atabwera ndi madzi akumwa, anaika jagi pansi nabwerera kukhitchini.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndamunyamula mwana uyu," anatero a Kayuni, mawu awo osakwera. "Anzanga ankandiseka kuti ndikuphunzitsa mkazi wa eni. Lero ndine mwala wa panjira. Chabwino. Mwana akhoza kulemba chilichonse, ndi mwana. Chimene chandilasa ine ndi chofiirachi, chifukwa ichi walemba ndi wamkulu. Sono funso langa ndi limodzi, Madamu. Munawerenga, n'kuvomereza? Ngati sukulu imaphunzitsa kuti wiske wa mwana, bambo womubala, ndi chopinga, n'kumuuza kuti pitiriza, wanga sapondakonso. Nadi ndikunena."

Alinafe analikumbuka bwino tsikulo. Linali Lachinayi masana, masabata atatu apitawo. Makhadi analipo makumi asanu ndi anayi kudza anayi, a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo mnyamata wa bungwe anali ataimba kawiri kuti ali m'njira, akufuna kuwajambula onse ali ochongedwa asanabwerere ku Boma. Alinafe anakhala mu sitafu rumu, nthochi kudzanja lamanzere, cholembera chofiira kudzanja lamanja. Ankangoona ngati mabokosi onse anayi ali odzaza, n'kuchonga. Pa makhadi olembedwa mwaukhondo ankawonjezera mawu olimbikitsa. Ndipo m'sukulu yonseyo panalibe mwana wolemba mwaukhondo kuposa Towera Kayuni.

Asanatsegule pakamwa, Towera anamuyankhira.

"Anawerenga, adada. Madamu amawerenga zonse." Ananena monyadira, ngati akuteteza m'bale wake. "Ine ndinkaopa. Sowo ndinabwereka n'kuibisa m'nthochi sabata yathunthu. Tsiku limene munanyamuka ndinafika pa mtengo woyamba, koma ndinabwerera. Ndinakatenga khadi, ndinayang'ana pamene Madamu analemba, mtima unakhala pansi. Ndinati ngati Madamu aona kuti ndaganiza bwino, ndiye kuti ndaganiza bwino."

A Silungwe anatsokomola. Ananena m'Chingerezi, motsitsa mawu, kuti nkhani zoterezi zili ndi komiti yake, ndipo Madamu sanali okakamizidwa kuyankha pomwepo. Unali mlatho umene anamuyalira, ndipo Alinafe anauona. Koma komiti inkakumana kumapeto kwa mwezi, pamene wojambula ankabwera mkuja.

Anachita zimene ankaphunzitsa ana, anaika njira ziwiri patsogolo pake n'kuziyang'ana. Sizinali zovuta kuziyeza. Akanena kuti anawerenga, Towera apitiriza kumuona ngati mmene ankamuonera, koma azimuonera kuno kumunda. Akanena zoona, mwina bamboyu afewa, koma nkhope yowala ija sadzaionanso. Anadabwa kuona kuti njira yoyambayo inkamukoka ndithu. Zaka zitatu ku Misuku, kutali ndi kwawo, chinthu chimodzi chimene chinkamudzutsa m'mawa ndi chimwemwe chinali desiki yakutsogolo ija.

"Sindinawerenge," anatero.

Kumunsi kwa phiri munthu wina ankaitana mbuzi.

"Makhadi anali ambiri, galimoto inali m'njira. Ndinkangoona ngati mabokosi adzaza. Sindinawerenge, bambo."

"Simunawerenge," anabwereza a Kayuni pang'onopang'ono. "Sono cholembera chofiiracho chimayenda chokha?"

"Chinayenda ndi dzanja langa. Kulakwa ndi kwanga, si kwa sukulu, ndipo si zimene timaphunzitsa. Ndikanawerenga, ndikanamubweza kuti adzakufunseni chifukwa chimene mukunenera kuti chaka chamawa."

Ponena mawu omalizawo sanali wotsimikiza kwenikweni. Mwina akanatero. Mwinanso akanangosangalala kuti mwana mmodzi walemba za munda weniweni m'malo mwa udokotala. Koma zimenezo anazisunga mumtima, pakuti zoona zimene anali atanena zinali zokwana tsiku limodzi.

Towera anali akumuyang'anabe.

"Ngakhale langa, Madamu?"

"Ngakhale lako."

Mtsikanayo sanalire. Anagwedeza mutu kamodzi, monga amachitira m'kalasi akamvetsa samu, kenako anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, napita kukakhala pa chitsa cha kumapeto kwa munda atawafulatira. Alinafe anachita manyazi amene sanawachitepo chiyambireni ntchito.

A Kayuni anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Anapinda khadi lija, nalibwezera m'thumba.

"Mwayankha," anatero. "Dzuwa lapendeka, ndipo njira yathu sikonda alendo. Tawonga kuti mwabwera."

"Nanga za Lachisanu, a Kayuni?" anafunsa a Silungwe.

"Lero ndi Lachitatu."

Mayi ake a Towera anawapatsa mapeyala m'kajumbo, chifukwa mlendo sachoka chimanjamanja ngakhale atabwera ndi mlandu. Potsika, atafika pa mtsinje, a Silungwe anatembenukira kwa Alinafe.

"Mukanati munawerenga mothamanga," anatero. "Ndi mmene timanenera ife akale pantchito."

"Akanamva kusiyana kwake?"

"Bamboyo ayi. Koma ine ndikanapeza cholemba mu lipoti." Anasintha jumbo kudzanja lina. "Musadandaule kwambiri. Ine ndasaina zinthu zaka makumi awiri. Ndikanati ndiziwerenga zonse, bwenzi nditapenga kale. Kungoti zanga sizinagwetsepo mtengo."

Lachinayi desiki yakutsogolo inali yopanda munthu. Nkhani inali itafika kale pasukulu, poti mawu amatsika phiri msanga kuposa miyendo. Mnyamata wina wa Fomu 3 anafunsa mwaulemu wonse ngati Madamu angamuchongere khadi lake, chifukwa analemba kuti akufuna kugulitsa ng'ombe ya amalume ake. Kalasi inafa nacho chiseko. Alinafe anadikira kuti amalize, napitiriza phunziro.

Lachisanu wojambula anafika pa njinga yamoto cha m'ma naini. Anapachika nsalu kukhoma la laibulale, naika mpando patsogolo pake. Ana a Fomu 4 anandanda, anyamata akubwerekana tayi imodzi, atsikana akupukutana nkhope ndi mipango. A Silungwe ankaitana mayina motsatira alifabeti. Atafika pa Kayuni anaitana kawiri, anadikira pang'ono, napitirira.

Pofika leveni koloko mzere unatha. Wojambula anayamba kumasula nsalu yake, akunena kuti ali ndi sukulu ina kutsidya ndipo mitambo ya ku Mughese sankaikhulupirira. Alinafe, amene sanamupatsepo munthuyo ngakhale moni wokwanira, anamufunsa ngati angamwe tiyi. Anamupangira yekha, ndipo madziwo anachedwa kuwira kuposa masiku onse. Anamupatsanso mapeyala awiri a kwa a Kayuni, ndi mpeni wobuntha.

Munthuyo ali pa peyala lachiwiri, Towera anatulukira pa geti. Yunifolomu inali yosita, koma nsapato zinali ndi utuchi, ndipo dzanja lake lamanja linali lomangidwa kansalu. Sanathamange. Anapita molunjika kwa a Silungwe, nagwada pang'ono.

"Pepani Sala, ndachedwa. Timamaliza mzere wachiwiri. Adada anati tisasiye chitsa chili pakati."

"Ndiye akuphunzitsa kudula mopendeketsa?"

"Eya, Sala. Akuti dzanja langa ndi lolemera koma limva."

Wojambula anapachikanso nsalu akung'ung'udza. Towera anakhala pampando, anawongola kolala, nayang'ana kamera osamwetulira. Alinafe anali ataima pakhonde, mtunda wa mapazi asanu okha. Mtsikanayo podutsa anamupatsa moni wonse woyenera mphunzitsi, osachotsapo kanthu, osawonjezerapo kanthu, nalowa m'kalasi. Desiki yakutsogolo anaipitirira, nakakhala mzere wachitatu pafupi ndi windo.

Mwezi wotsatira mvula inayamba, ndipo bungwe linatumiza katoni ina ya makhadi, pamodzi ndi kalata yoyamikira sukuluyo chifukwa makhadi onse oyamba aja anawapeza ali odzaza ndi ochongedwa. Ulendo uno Alinafe anawerenga lililonse. Zinamutengera masana anayi. Anapeza mtsikana amene analemba kuti chomupinga ndi njala ya m'mawa, mnyamata amene cholinga chake chinali kuwoloka malire kukanyamula katundu ku Tunduma mayeso asanafike, ndi ana asanu ndi mmodzi amene anakoperana cholinga chimodzi mpaka zolakwika zomwe. Ena anawaitana n'kukambirana nawo, ena sanadziwe chowauza. Ngati makhadiwo ankasintha moyo wa munthu, iye sakanatha kulumbira. Chimene anadziwa n'chakuti khadi limodzi linkasowa.

Lolemba m'mawa, ana akulowa, anamuimitsa pakhomo.

"Towera, khadi lako sindinalione. Sunalembe?"

"Ndinalemba, Madamu."

"Cholinga chikadali chomwe chija?"

"Chomwe chija. Koma bokosi lachinayi tasintha kawiri. Adada akuti ndinaiwala manyowa."

"Ungandibweretsere mawa ndidzalione?"

Towera anaika manja kumbuyo. Sanayankhe mwamwano, ndipo sanayang'ane pansi.

"Pepani Madamu. Ndinapereka kale kwa wowerenga. Amachedwa, amawerenga ndi chala, koma amafika kumapeto."

Anagwada pang'ono, napita kukakhala pamalo pake pafupi ndi windo. Mawuwo anamupweteka Alinafe. Anaima pakhomopo kanthawi, ana ena akumulambalala. Kenako anapita pa tebulo lake, anatsegula kaundula, anatsika ndi chala mpaka pa dzina la Towera Kayuni, nachonga kuti wabwera.